Mayi anga anagundidwa ndi twin cab, abwana a dalaivala akuti tisaine pepala, titani?

Mwana_Wachisamba:

Abale ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima. Mayi anga amagulitsa tomato ndi kabichi pa Lizulu, omwe mumadutsa njira imeneyi mukudziwa mmene pamadzadzira tsiku la msika, mabasi aima mbali zonse, malole akupakira mbatata, anthu kumangowoloka paliponse poti M1 yo imadutsa pakati penipeni pa msika. Miyezi inayi yapitayo anawoloka kukapereka chenji kwa kasitomala yemwe anali m'basi, nde pobwerera ndi pomwe inawapeza twin cab yoyera, zazitali zija zokhala ndi chitsulo kutsogolo, imachokera mbali ya Ntcheu kulowera ku Lilongwe. Omwe anaona akuti sikuti imauluka ayi koma siinachepetse liwiro olo pang'ono, inangoliza hutala basi. Chitsulocho chinawamenya m'chiuno ndi m'nthiti, anagwera kutsogolo kwake tayala n'kuwaponda mwendo.

Nthiti zitatu zinathyoka, fupa la m'chiuno linang'aluka, mwendo anaikamo zitsulo. Takhala m'chipatala masabata 7 ine ndili gadiyani kugona pansi pa bedi, geni yanga ya kaunjika inafera pomwepo mpamba wonse unathera transipoti ndi mankhwala ogula. Panopa ali kwathu kuno, amayenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kukafika kubafa basi, dengu sadzasenzanso, usiku sagona ndi ululu. Ndi mayi omwe amalipirira fizi ana awiri a malemu mchemwali wanga ndi tomato yemweyo.

Dalaivalayo ndisamunamizire, sanathawe, ndi yemwe anawanyamula kupita nawo kuchipatala. Kenako tinangomva kuti anakaonekera kukhothi analipitsidwa faindi ndipo galimoto anaibweza, ife sanatiitane n'komwe. Galimotoyo ndi ya kampani inayake, nde abwana ake anabwera kuchipatala ndi shuga, sopo ndi K200,000 akuti chipepeso, tinalandira poti tinali pa moto. Tsopano sabata yatha aimba foni akuti atipatsa K600,000 ina tithane pachibale, koma mayi adinde chala pa pepala lachizungu lomwe abweretse, akuti ndi la mu ofesi chabe. Amalume akuti tilandire msanga, mapanga awiri avumbwitsa, mlandu unatha kale kukhothi ndipo wosauka sawina mlandu ndi kampani. Akutinso wapolisi wina anawauza kuti mayi nawo analakwa poti anatulukira kuseri kwa basi.

Nde mafunso anga ndi awa, kodi n'zoona kuti mlandu unatha chifukwa dalaivala analipira faindi? Nanga K200,000 tinadya ija ndiye kuti tadzitsekera tokha? Za inshuwalansi ndimangomva, munthu amayambira pati, poti ndalama ya loya ine ndilibe.

AchimweneWaKuNdirande:

Chemwali musadinde chala, musasaine, olo atabwera ndi thumba la ndalama pakhomo. Pepala la mu ofesi chabe kulibe, limenelo ndi lakuti mwavomera kuti nkhani yatha simudzadandaulanso. Muwauze atumize kaye chithunzi cha pepalalo pa WhatsApp muwerengetse kwa wina, mudzaona mmene adzayambire kuzemba. Pepani kwambiri ndi mayiwo.

KalalikiWakale:

Pepani achemwali. Ine si loya, ndinenetu, koma ndinagwira ukalaliki pa ofesi ya maloya ku Blantyre zaka zingapo ndipo mafayilo a ngozi za pamsewu ndi omwe ndimanyamula tsiku ndi tsiku, nde ndikuuzeni zomwe ndinaona.

Amalumewo asokoneza milandu iwiri. Womwe unatha uja ndi wa boma ndi dalaivala, wophwanya malamulo a pamsewu, ndipo faindi yo inalowa m'thumba la boma, mayi sanapeze olo tambala. Mlandu wa mayi, wofuna chipukuta misozi, ndi wina ndipo sunayambe n'komwe chifukwa umayamba pokhapokha inuyo mwauyambitsa, apolisi sangakuyendetsereni umenewo. Ndiponso ngati anavomera kulakwa n'kulipira ndiye zikukomerani inu, chifukwa lipoti la apolisi limalemba kuti dalaivala anaimbidwa mlandu wanji ndipo zinatha bwanji.

Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu wa Malawi lamulo la Road Traffic Act limaikakamiza kukhala ndi inshuwalansi ya third party, ndipo third party yo ndi ndani, ndi munthu ngati mayi anuwo, woyenda pansi, wapanjinga, aliyense yemwe galimotoyo yamuvulaza. Ndalama zija eni magalimoto amalipira chaka ndi chaka n'kumata kadisiki pa galasi ntchito yake ndi imeneyi. Nde gawo 148 la lamulo lomwelo limapatsa wovulalayo mphamvu yosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji m'dzina lake, sikuti mpaka adikire chisoni cha mwini galimoto ayi. Koma apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, mphamvu yosumira inshuwalansi mwachindunjiyo imatha pakapita zaka 2 kuchokera tsiku la ngozi, pomwe kusumira dalaivala ndi mwini galimoto pa nkhani ya kuvulala malire ake ndi zaka 3 malinga ndi Limitation Act. Ndinaonapo anthu akubwera ndi mapepala onse ali bwinobwino koma anathera nthawi kumangouzidwa kuti bwerani mwezi wa mawa abwana apita kunja, kufika pa ofesi zaka zadutsa kale, loya n'kungogwira m'mutu. Kukambirana sikuimitsa masikuwo, chomwe chimateteza ndi kukasuma nthawi isanathe. Inu miyezi inayi yapita kale, iwerengeni.

Mapepala ofunika kwenikweni ndi awiri. Police report mukaitenge kwa a trafiki pa polisi yomwe inalemba ngoziyo, mumalipira kandalama ndipo mutenge lisiti ya boma, mmenemo mumakhala nambala ya galimoto, dzina la dalaivala, mwini wake, kampani ya inshuwalansi ndi nambala ya satifiketi yake. Linalo ndi medical report yochokera kuchipatala chomwe anagonekedwa, adokotala amalemba zomwe zinathyoka, chithandizo chomwe analandira komanso kuti alumala ndi maperesenti angati. Musathamangire kuilembetsa mafupa asanagwirane bwino osadziwa kuti azidzayenda motani, koma musaichedwetsenso. Buku lawo la kuchipatala lija, ma X-ray, malisiti a mankhwala, olo tikiti ya basi, sungani zonse mu jumbo imodzi, chifukwa ndalama zomwe mwawononga khothi limafuna umboni, zapakamwa silimva. Komanso pitani pa Lizulu pomwepo mukalembe manambala a foni a amayi anzawo omwe anaona, mboni zimasamuka.

Khothi likamawerengera siliona bilu ya chipatala yokha. Limaona ululu ndi kuzunzika komwe adutsamo ndi komwe akhale nako, zinthu zomwe ankachita zomwe sangachitenso monga kulima ndi kuyenda mtunda, zipsera ndi kupunduka kwa thupi, ndi ndalama zomwe akanamapeza pa geni yawo. Ku High Court nthawi zambiri a Registrar ndi omwe amakhala pansi kuwerengera, amafanizira ndi milandu ina ya anthu ovulala mofanana n'kuganiziranso kugwa mphamvu kwa kwacha, poti ndalama yomwe munthu anapatsidwa kwacha isanagwe ndi 44% mu Novembala 2023 si yofanana ndi lero. Sindikuuzani nambala chifukwa mlandu uliwonse ndi wakewake, koma munthu wothyoka chiuno, nthiti ndi mwendo, K800,000 yonse pamodzi ndi chipongwe, mafayilo a kuvulala kotere omwe ndimaona ine amakamba za mamiliyoni.

Chinanso, inshuwalansi ili ndi malire a ndalama omwe analembedwa mu polise, pepala la mgwirizano wa inshuwalansi lija, siilipira kupyola pamenepo. N'chifukwa chake maloya amasumira onse pamodzi, dalaivala, kampani yomwe inamulemba ntchito ndi inshuwalansi, kuti chotsalacho alipire mwini galimoto, poti bwana amasenza zolakwa za wantchito wake ngati anali pa ntchito. Mwina n'chifukwa chake abwanawo akuthamanga ndi pepala.

Zoti mayi anatulukira kuseri kwa basi zisakuopseni. Olo khothi litapeza kuti nawonso sanasamale, silitaya mlandu wonse, limangodula gawo, mwachitsanzo likati kulakwa kwawo ndi 20% ndiye kuti alandira 80% ya zomwe lawerengera. Ndipo dalaivala wodutsa pa msika basi itaima amayenera kuyembekezera kuti munthu atulukira, hutala si buleki. K200,000 ija ngati simunasaine kalikonse sinatseke chilichonse, kungoti mukamuuze loya chilungamo kuti munalandira. Za ndalama ya loya pitani ku Legal Aid Bureau, ndi ya boma, ali ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ambiri, amaona kapezedwe kanu.

Dalaivala_waField:

Pepani mayi athu, Mulungu awakhudze. Ine ndilankhuleko ngati munthu woyendetsa zimenezi, zaka 14 ndili pa chiwongolero, Hilux, Ranger, D-Max, Land Cruiser ya pikapu ija, zonse ndayendetsapo kupita nazo ku field. Anthu amaona ngati ukakhala pamwamba chonchija ndiye kuti ukuona chilichonse, bodza. Kutali umaonadi bwino, koma pafupi ndi bampala pali malo omwe boneti imabisa, mwana wa sitandade 1 ataima pomwepo sumuona olo pang'ono, mbuzi ndiye osanena. Ine ndinazindikira tsiku lina kunyumba, ndinaimika galimoto mwana wanga anakhala pansi kutsogolo kwake akusewera, ndinalowa n'kuliza injini osaona kanthu, anakuwa ndi mayi ake. Mpaka lero ndisanadzutse galimoto ndimaizungulira kaye wapansi olo abwana akhale akufulumira. Komanso chipilala chija cha pakati pa windisikirini ndi chitseko ndi chonenepa pa magalimoto amenewa, pokhota munthu wamkulu amabisika kuseri kwake, umafunika kusuntha mutu.

Koma nanunso tiuzane zoona, malo ngati Lizulu, Jenda, Lunzu, Mponela, Kampepuza, kuyendetsa pamenepo ndi mayeso, malonda ayalidwa mpaka pa laini yachikasu, minibasi yaima pakati pa msewu ikuitanira, wakabaza akutembenuka osayang'ana, wina akuthamangira basi ndi beseni pamutu. Sindikuikira kumbuyo mnzangayo ayi, pa msika umayenera kutsika mpaka giya 2 phazi lili pa buleki, chifukwa pa liwiro la makilomita 60 pa ola galimoto imadya pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, nde kuti uone munthu, ubongo uuze phazi, wamupeza kale, ndipo twin cab yodzadza katundu siima ngati Vitz. Kungoti mlandu wina ndi wa omwe analola msika kukhala pa msewu waukulu popanda mpanda kapena powolokera pooneka.

Zachitsulo chakutsogolocho, bull bar, timaikira ng'ombe ndi mbuzi za usiku kuti radiyeta isaphulike uli kutchire, ndipo misewu yathu nthawi ya dzinja popanda galimoto yaitali sufika ku Nthalire kapena ku Makanjira. Koma ndivomere kuti ambiri mtauni muno amangoikira staili, galimoto yake siinapondepo matope, ntchito yake ndi Area 47 kupita ku City Centre basi, aikweza ma shock, matayala akuluakulu, chitsulo kutsogolo.

Ndipo mnzangayo poima ndi kuwanyamula anachita zaumunthu, ambiri timaopa kuima chifukwa anthu amafika ndi miyala asanafunse n'komwe, nde timauzana kuti zikavuta thamangira ku polisi yapafupi ukadzipereke. Musamuone ngati mdani, ndalamazo sizichoka m'thumba mwake, inshuwalansi inalipiridwira zimenezi.

Mwana_Wachisamba:

A Dalaivala ndakumvani ndipo mnyamatayo ndilibe naye chifukwa, koma zoti malonda ali pa laini yachikasu, mayi anga akagulitsire kuti? Makasitomala awo ndi a m'mabasi omwewo, zaka 20 akuwoloka msewu umenewu. Chomwe chimandiwawa ine n'chakuti chaka chatha mnyamata wina wogulitsa mazira anagundidwa malo omwewo ndi kagalimoto kakang'ono, anagwera pa boneti n'kuthyoka mwendo umodzi basi, panopa akuyenda akugulitsanso. Mayi anga liwiro lake akuti linali ngati lomwelo koma taonani.

Nachisale_USA:

Sisi zomwe mwanenazo si maganizo anu okha, kuno ku America nkhani imeneyi yafufuzidwa kwambiri chifukwa ndi kwawo kwa zimagalimoto zimenezi, Ford F-150, Ram, Chevrolet Silverado, ine ndi wamfupi nde ndikaima pafupi ndi zina mwa izo pa parking boneti imandifika m'mapewa, ma twin cab athu aja kuno amaoneka ngati ana. Bungwe la Insurance Institute for Highway Safety, lomwe limalipiridwa ndi makampani a inshuwalansi, linatulutsa kafukufuku mu 2023 ataunika ngozi pafupifupi 18,000 za anthu oyenda pansi. Anapeza kuti galimoto yomwe boneti yake ndi yotalika kupitirira mainchesi 40, ndiye kuti mita imodzi ndi kakusefukira, mpata woti iphe munthu yemwe yamugunda ndi wochuluka ndi pafupifupi 45% kuyerekeza ndi yomwe boneti yake siipyola mainchesi 30, masentimita 76, komanso yotsetsereka. Ndipo olo zapakatikati, ngati kutsogolo kwake kuli kophwatalala ngati khoma nazonso zimapha kwambiri kuposa zotsetsereka.

Chifukwa chake ndi chomwe mwaonacho. Kagalimoto kakafupi kamakumenya m'miyendo, thupi n'kugwera pa boneti, ndipo boneti ndi lata, imabonyoka n'kumwako mphamvu ina. Yaitali imakumenya m'chiuno, m'mimba kapena pachifuwa momwe muli ziwalo zofunika, ndipo m'malo mokunyamula imakukankhira kutsogolo n'kugwa pansi, kenako imakukwera. Kwa mwana ndiye ndi m'mutu penipeni. Nde muikeponso chitsulo chosabonyoka kutsogoloko, mphamvu yonse imathera pa fupa. Ku Ulaya anaziona kale, kuyambira 2007 ma bull bar olimba osakwanitsa mayeso oteteza oyenda pansi analetsedwa kugulitsidwa, koma kwathu aliyense amangopita kwa owotcherera n'kumangirira njanji kutsogolo.

Zomwe a Dalaivala anena za chipilala nazo bungwe lomwelo linapeza mu 2022, kuti pa ngozi zopha woyenda pansi pa mphambano, mpata woti galimotoyo imakhotera kumanzere unali pafupifupi kanayi kwa pikapu kuyerekeza ndi galimoto wamba. Kuno amayendetsa kumanja nde kumanzere kwawoko ndi ngati kukhotera kumanja kwathu, kodula msewu kuja. Mu 2022 anthu oyenda pansi oposa 7,500 anafa m'misewu ya kuno, chiwerengero chomwe anali asanachione kwa zaka pafupifupi 40, dziko loti lili ndi ma ambulansi ofika mu mphindi zochepa. Zifukwa ndi zambiri, mafoni, mdima, misewu yotakata, koma kukula kwa magalimoto kuli m'gulu.

Liwiro nalo musalichepetse, a WHO amati mpata woti woyenda pansi afe umakwera ka 4.5 galimoto ikachoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola, nde zija amati siimathamanga kwambiri zija, kwa yemwe ali mkati 65 ndi kuyenda pang'onopang'ono.

WaKuJoni_Mayfair:

Eish pepani sisi. Kuno ma bakkie ndiye ali mbwee, Hilux ndi Ranger zimapangidwa konkuno, ndipo abale athu ambiri amagundidwa m'mawa kukadali mdima akuthamangira taxi kapena akuwoloka freeway kudula njira. Ndingowauza omwe ali kuno kuti zimasiyana ndi kumudzi, kuno sulimbana ndi dalaivala kapena inshuwalansi yake pa nkhani ya kuvulala, kuli Road Accident Fund yomwe ndalama zake zimachokera pa mafuta, lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pali ma rand awiri ndi kakusefukira opita kumeneko. Galimoto ikadziwika uli ndi zaka 3 zoti upereke claim, ikakhala yogunda n'kuthawa osadziwika ndi zaka 2, ndipo amalipirabe olo dalaivala sanapezeke. Koma ya ululu ija amapereka pokhapokha kuvulala kwake kukhale kwakukulu malinga ndi madokotala, ndipo kudikira kwake amwene ndi zaka, mnzanga wa ku Mangochi ndalama yake inatuluka iye atabwerera kale kumudzi.

A Road Accident Fund anayesapo kutsekera anthu obwera opanda mapepala koma mu 2024 khothi la ku Pretoria linakana, linati lamulo limanena munthu aliyense. Komabe anthu athu amaopa kupita ku polisi kukatsegula kesi chifukwa cha pasipoti yakutha, nde amangozisiya, pomwe popanda lipoti la apolisi claim imavuta kwambiri.

Kumudziko vuto n'lakuti zonse zimatsamira pa galimoto yomwe yakugundayo, ikathawa usiku osaona nambala, kapena ikapezeka kuti disiki yake ndi yakutha kapena yachinyengo, umatsala ndi mwini galimoto yemwe mwina alibe olo mbuzi yoti ma sheriff alande. Inu mwayi wanu ndi woti ndi ya kampani ndipo nambala ikudziwika, osautaya ndi 600 pin.

Wopunduka_koma_Moyo:

Ine zinandionekera ndekha nde ndikuchenjezeni mbali ina yomwe enawa sanaikhudze. Ndinagundidwa ndi pikapu ndikuyenda m'mbali mwa msewu madzulo, galasi lake lam'mbali ndi lomwe linayamba kundimenya paphewa kenako ndinagwera mu dreni, mkono mpaka lero suwongoka. Ndili m'wodi ndi chikhakha tsiku lachitatu kunabwera mnyamata wovala bwino ndi chikwama, akuti amagwira ndi maloya, andithandiza ulere, ine osadziwa kuti ndi dobadoba. Anatenga buku langa la kuchipatala, anandisainitsa mapepala atatu ndili ndi ululu osawerenga, police report anakatenga yekha. Loya wakeyo sindinamuonepo nkhope chaka chonse, ndikaimba foni akuti nkhani ili kukhothi. Tsiku lina anangondiitana pa filling station n'kundipatsa envelopu, akuti inshuwalansi yapereka zochepa. Patapita nthawi ndi pomwe ndinamva kuti cheke chinatuluka kalekale ndipo zomwe ndinalandira sizinafike olo theka.

Nde mukapeza loya, kaya wa Legal Aid kaya wapulaiveti amene amati adzadula zikatuluka, mukumane naye maso ndi maso mu ofesi yake, osati kudzera mwa munthu. Mufunse kuti adzadula zingati ndipo alembe, mutenge kope lanu. Mufunse nambala ya mlandu kuti muzitha kukafunsa nokha ku registry ya khothi. Ndalama ikatuluka muone pepala lochokera ku inshuwalansi kapena chigamulo chosonyeza kuti yonse inali zingati. Mapepala enieni musapereke, perekani mafotokope. Ine ndinadziwa mochedwa kuti loya akakudyera ukhoza kukadandaula ku Malawi Law Society, ndipo inshuwalansi ikamakuzungulitsa pali ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank yomwe imalandira madandaulo. Pofika nthawi imeneyo ndinalibe olo kapepala kamodzi m'manja.

Mwana_Wachisamba:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri mpaka ndawawerengera amalume pa foni, akadali kung'ung'udza kuti tidzadya mapepala koma avomera kuti tidikire. Ndinawauza abwana aja kuti atumize chithunzi cha pepalalo monga ananenera achimwene a ku Ndirande, ayankha kuti ndi chinsinsi cha kampani sangatumize, kenako akuti akhoza kukweza kufika 1 mita ngati tisaine sabata ino. Lolemba ndikupita kukatenga police report. A Kalaliki funso lina, mayi sangakwere minibasi mmene alilimu, kodi ndingasume ine m'malo mwawo? Komanso masabata 7 omwe ine ndinasiya geni yanga aja amawerengedwa? Ndiye wina wandiuza kuti tikapita kukhothi dalaivala uja achotsedwa ntchito, zimenezo zikundivutitsa mumtima poti ali ndi ana.

KalalikiWakale:

Mwaona, kuchoka pa 600 kufika 1 mita ndi meseji imodzi yokha, ndipo pepala ndi chinsinsi kwa munthu yemwe akufuna adindepo chala. Mesejizo musafufute, jambulani sikirini musunge.

Mlandu ukhala m'dzina la mayi chifukwa ndi wamkulu ndipo mutu wawo ukugwira, womusumira wina amakhala mwana wosakwana zaka kapena yemwe sangathe kuganiza payekha. Koma zoyendayenda zonse mukhoza kuyenda inu, loya amalemba sitetimenti yawo iwo n'kudinda chala atawawerengera m'Chichewa, ndipo milandu yambiri yotere imathera pa kukambirana pakati pa loya ndi inshuwalansi, kapena pa mediation, pomwe mkhalapakati amakuthandizani kugwirizana, osafika poti mayi akaime m'bokosi. Kukambirana si koipa ayi, choipa ndi kukambirana muli nokha musakudziwa mtengo wa chomwe mukugulitsa. Za ugadiyani wanu ndi mpamba womwe unathawo muuzeni loya zonse ndipo mumupatse umboni uliwonse, olo kabuku komwe mumalemba mabelo omwe mumaoda, iyeyo ndi amene aone zomwe zingalowe. Chimodzimodzi geni ya mayi, poti tomato alibe payslip, amayi anzawo a pamsika ndi omwe angachitire umboni kuti pa tsiku la msika amapeza zingati.

Zadalaivalayo, kumuchotsa kapena kusamuchotsa ndi nkhani ya iye ndi abwana ake, ndipo ngati amafuna kumuchotsa chifukwa cha ngoziyi akanachita kale atalipitsidwa faindi. Dzina lake limalembedwa pa masamoni chifukwa ndi amene anali pa chiwongolero, koma cheke amalemba ndi a inshuwalansi ndi kampani.

Mukatenga lipotilo muonetsetse kuti nambala ya galimoto, tsiku la ngozi ndi dzina la mayi zalembedwa molondola ngati mmene zilili pa chiphaso chawo cha unzika, chilembo chimodzi chikaphonyeka a inshuwalansi amabweza fayilo yonse. Ndipo mukaona kuti pa malo a inshuwalansi sanalembepo kanthu musachoke pa kauntala, afunseni ayang'ane mu fayilo yawo, amakhala anakopera za pa disiki tsiku lomwe anagwira galimotoyo.